Memo imene inaimitsa anyaGondwe pa ntchito

Dzina langa lili pa intaneti, pa tsamba la anthu akunja, pa mndandanda wa amene anathandiza kutseka chibowo choopsa mu pulogalamu ya imelo. Chonde musalifufuze. Tsiku limene ankalilemba pamenepo, ine ndinali nditaimirira m'matope ku Kaporo, nsapato imodzi itamira, mayi wamkulu akundifunsa ngati ndinaleredwa ndi anthu. Zonse zimene ndilembe pano ndi zoona. Pamene muone ngati ndawonjezera, dziwani kuti pamenepo ndiye ndachepetsa.

Ndimagwira ntchito pa kakampani kokiliya katundu, ndiye kuti kukonza mapepala a msonkho kuti katundu adutse, pa boda ya Songwe. Ofesi yaikulu ili pa boma ku Karonga, ina yaing'ono ili kuboda komweko, kumene anzathu amathamanga ndi mapepala pakati pa mathiraki. Ine ndine wa makompyuta. Ntchito yanga yeniyeni ndi kuzimitsa zinthu n'kuziyatsanso, komanso kusolola mapepala otsamwa mu printa, koma pa khadi panga analemba udindo wautali woti munthu amapumira pakati pouwerenga. Anthu amangonditcha a IT.

Imelo ya pa kampani timaitsegula pa intaneti, ndi pulogalamu yaulere imene imakonzedwa ndi anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana. Lachiwiri lina, magetsi alipo, netiweki ilipo, ntchito palibe (masiku otere ndi amene amagwetsa munthu), ndinayamba kuiseweretsa. Ndipo ndinapeza chinthu. Eni ntchitoyi amachitcha XSS. Ndifotokoze mmene ndinafotokozera amalume anga: kalata yabwinobwino mumaitsegula, mumaiwerenga, imangokhala phee. Koma pulogalamu ikakhala ndi chibowo chimenechi, munthu atha kubisa malamulo m'kati mwa kalata, ndipo inu mukangoitsegula, kompyuta yanu imawamvera ngati mwalamula ndinu. Kalata imamera manja n'kuyamba kukutsegulirani madirowa.

Ndinaimirira. Ndinakhalanso pansi. Ndinayang'ana pawindo kuti ndione ngati dziko lazindikira, koma kunja kunali mbuzi yokha ikudya katoni.

Akatswiri akafuna kusonyeza kuti chibowo chotere chilipodi, amapanga kalata imene imatulutsa kabokosi pa sikirini kolembedwa nambala 1. Basi. Ine ndinaona kuti kumeneko ndi kusaleredwa. Sungalowe m'nyumba mwa eni ake n'kungonena kuti "wani". Choncho kabokosi kanga ndinakalemba mwaulemu: "Odi! Ndalowa m'makalata mwanu, ndipo ndawerenga onse. Ine wanu," kenaka dzina. Sikankawerenga kalikonse, ndikulumbira, kankangoopseza. Dzinalo ndinakonza kuti kabokosi kazidzitengera kokha kwa amene watumiza kalatayo, kuti akunjawo akatsegula aone langa likuwala pakati pa sikirini. Pa zinthu zonse zimene ndachita m'moyo wanga, chimenechi ndinachichita mwaluso kwambiri.

Eni pulogalamuwo ali ndi mwambo wawo, ndipo ndi mwambo wanzeru. Ukapeza chibowo umawalembera iwo okha, pa adiresi yapadera, osalengeza pagulu mpaka atachitseka, kuti akuba asamve msanga. Ukhoza kudikira ngakhale miyezi itatu. Ndinawalembera bwinobwino, umboni ndinauika mu faelo yakeyake mmene amafunira. Mpaka pamenepa ndinali munthu wabwino.

Koma taganizani, miyezi itatu. Ku Karonga. Kuno munthu ukagula firiji pa boma, ukafika kunyumba umapeza aneba abweretsa kale nsomba zoti uwasungire. Komanso kwathu si ulemu kuuza alendo kuti denga la bambo likudontha, bambowo asakudziwa. Ndinapita kwa abwana.

Abwana athu ndi a Mwangomba, munthu wamtali, amene amalankhula pa mafoni awiri nthawi imodzi, ina Chinkhonde ina Chiswahili. Ndinaima pakhomo mpaka foni imodzi inatha chaji.

"Bwana, ndapeza chibowo mu imelo."

"Chikudontha?"

"Ayi bwana, koma munthu atha kulowa n'ku..."

"Lembani memo, a IT. Chinthu chopanda memo sichinachitike. Mupereke kwa anyaGondwe."

Apa ndiyenera kukuuzani za anyaGondwe. Ndi sekilitale wathu, ndipo analipo kampani isanagule mpando wachiwiri. Makiyi onse amasunga ndi iwo, ndipo kutchalitchi kwathu amatsogolera amayi. Chinthu chimodzi chimene amanyadira kuposa ana awo ndi chakuti pa zaka zonsezi sanawerengepo kalata ya munthu. Envulopu ikabwera yotseguka amaimata kaye asanaipereke, maso ali kudenga. Memo za pa imelo amangoona mutu wake, n'kudziwa kopita, n'kutumiza osatsegula.

Ndinalemba memo ya masamba awiri, ya Chingerezi cholemera, choti munthu akawerenga andikwezere udindo asanafike pa ndime yachitatu. Kuti abwana amvetse, ndinakopera malamulo obisika aja n'kuwamata pamwamba penipeni ngati chitsanzo. Ndiye kuti ndinatenga kalata yokhala ndi manja, n'kuitumiza kudzera mu pulogalamu yomweyo ya chibowo. (Amene mwaona kale kumene tikupita, muli ndi nzeru kuposa ine, ndipo sindikukuyamikani.) Mutu ndinalemba kuti: "MEMO: Ngozi yokhudza aliyense wogwiritsa ntchito imelo."

AnyaGondwe anaona mawu oti "aliyense". Anatumiza kwa aliyense. Ogwira ntchito onse a pa boma ndi a kuboda, komanso makasitomala amene tinawapatsa ma adiresi a kampani kuti azilandira mapepala awo msanga.

Ine nthawi imeneyo ndinali pa chiwaya ndikudya chipisi cha chikondwerero. Nditabwerera ndinapeza ofesi ili zii ngati pa siwa. Aliyense atakhala mowongoka, akuyang'ana sikirini. Ndinasuzumira pa kompyuta ya Lusekelo, kalaliki wathu, ndipo ndinaona ntchito ya manja anga: "Odi! Ndalowa m'makalata mwanu, ndipo ndawerenga onse. Ine wanu, anyaGondwe." Akatseka kabokosiko, kumbuyo kunali koyera. Malamulo aja anameza memo yonse, Chingerezi changa chonse, ndi dzina langa lomwe.

Munthu wabwino akanakuwa pomwepo kuti, "Abale, ndine!" Ine ndinayenda chammbali ngati nkhanu mpaka pa desiki yanga, n'kuyamba kupukuta kiyibodi.

Zimene zinatsatira ndinaziona ndi maso angawa. Woyamba kudzuka anali Lusekelo. Anapita pa desiki ya anyaGondwe, nagwada bondo limodzi.

"Amama, za ntchito ya ku Mzuzu ija, ndinangolemba kuyesa mwayi. Sanandiyankhenso n'komwe. Musawauze abwana."

"Ntchito yanji, mwana iwe?"

"Yewo amama, yewo chomene," anatero Lusekelo, poganiza kuti amukhululukira.

Pasanathe ola, a Saidi, kasitomala wathu wa ku Mangochi amene ali ndi shopu pamsika, anafika pa kabaza akupuma movutika, atanyamula chitenje chatsopano chili m'pepala lake.

"Mayi, Walahi, mawu amene ndinalemba aja za abwana anu ndinalemba nditakwiya. Thiraki inagona masiku anayi. Munthu ukakwiya umatchula nyama."

"Nyama yanji, a Saidi?"

"Basi mayi, tisaibwereze. Landirani kansaluka."

Pofika masana pa desiki ya anyaGondwe panali chitenje, thumba la mpunga, phava la nthochi ndi nkhuku yamoyo imene dalaivala wina anaitumiza kuchokera kuboda popanda uthenga uliwonse. (Nkhuku ija ndiyo yokha imene inandiyang'ana ngati ikudziwa.) Mayiwo anangokhala pakati pa katunduyo, manja ali pachifuwa, akufunsa aliyense wodutsa ngati kwagwa chiyani.

Kenaka chitseko cha abwana chinatseguka. Mafoni onse awiri anali atazimitsa, chinthu chimene sichinachitikepo. Sindikudziwa zimene zili m'makalata mwa a Mwangomba, ndipo sindikufuna kudziwa, koma munthu wosalakwa satuluka thukuta m'makutu.

Anaitanitsa msonkhano wa onse. Tinaima mozungulira, anyaGondwe atakhala pakati.

"Kyala gwangu!" abwana anaitana Mulungu m'Chinkhonde. "Zaka zonsezi, anyaGondwe? Ndinakupatsani makiyi a chilichonse, a sefa omwe. Makasitomala atatu aimba kale kuti akuchoka, akuti kampani yathu ili ndi kazitape. Ndipo mwachita kusaina!"

"Adada, ine sindinawerengepo kalata ya munthu. Ndinatumiza chimene ndinapatsidwa."

Atatero anatembenuka n'kundiyang'ana. Sananditchule. Ankandipatsa mpata woti ndilankhule ndekha, monga amachitira makolo ndi mwana amene akukhulupirira kuti ali ndi mtima.

"A IT," anatero abwana, "inu ndinu katswiri. Uthengawu wachokera mu akaunti ya ndani?"

"Ya anyaGondwe, bwana."

Zinali zoona. Ndicho chimandiwawa mpaka lero, kuti sindinaname ngakhale liwu limodzi.

"Nanga china chimene mukudziwa chilipo?"

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene ndalembera nkhaniyi. Ndinakhosomola, n'kukonza kolala, n'kunena kuti: "Bwana, nkhaniyi ili m'manja mwa akatswiri akunja. Malamulo a ntchito yathu sandilola kuulula kanthu mpaka patatha miyezi itatu."

Anthu anagwedeza mitu mwaulemu. Lusekelo anachita kunong'ona kuti, "Eee, zafika kunja." Abwana anauza anyaGondwe kuti asiye makiyi pa tebulo ndipo akakhale kunyumba mpaka kafukufuku atatha. Mayi aja anamasula makiyi pa chingwe cha m'chiuno limodzilimodzi, osafulumira. Anatenga chikwama chawo ndi ambulera. Mphatso zonse anazisiya pomwepo. Podutsa pa ine sanandiyang'anenso.

Masiku awiri otsatira ndinadzilimbitsa mtima ndi mfundo. Ndinkadziuza kuti ndikuteteza anthu ambirimbiri a m'maiko onse amene amagwiritsa ntchito pulogalamuyi. Kodi mayi mmodzi wa ku Karonga angapose dziko lonse? Ndinazimitsa mwakachetechete mbali ya pulogalamu imene inali ndi chibowo, n'kufufuta memo ija m'mabokosi a anthu, ndipo abwana anandiyamikira pamaso pa onse. Ndinalandira kuyamikako. Ndinanenanso kuti, "Ndi ntchito yathu, bwana."

Koma nkhani inali itatuluka kale pa geti. Wogulitsa mandasi anandiuza kuti mayi uja ankawerenga makalata kuyambira kalekale, n'chifukwa chake amavala magalasi. Mkazi wanga anabwera kuchokera ku msonkhano wa amayi akunena kuti anyaGondwe awapempha ayambe apuma pa utsogoleri, popeza amayi ambiri anawauzapo zakukhosi. "Munthu ungamudalire ndani?" anatero mkazi wanga akundipatsa madzi osamba m'manja. Ndinasamba nthawi yaitali.

Lachisanu m'mawa ndinalembera akunja aja. Ndinafotokoza zonse, kuti mnzathu waimitsidwa ntchito chifukwa cha umboni wanga, koma ine ndasunga chinsinsi molimba mtima monga mwa malamulo awo. Ndinafunsa ngati angandilole, mwa chisomo chawo, kuulula pakatha mwezi umodzi m'malo mwa itatu. Kunena zoona ndinkayembekezera kuti andiyamikira.

Yankho linabwera tiyi wanga asanazizire. Ndilimasulire: "Chibowo tachitseka, zikomo, dzina lanu tiliika pa mndandanda. Koma takhala tikuwerenga ndime yanu yachiwiri mobwerezabwereza. Chinsinsi chija n'choti musaphunzitse akuba njira yolowera. Palibe pamene tinalemba kuti musiye munthu wosalakwa achotsedwe ntchito. Pitani mukanene lero. Mukudikira chiyani?"

Munthu amene sindinamuonepo, amene mwina sadziwa kuti Karonga ndi mudzi kapena ndi mtundu wa nsomba, anachita kundiphunzitsa zimene amayi anga anandiphunzitsa ndili wosavala. Ndipo ine ndinali nditadikira chilolezo chake.

Kunyumba kwa anyaGondwe anandiuza kuti apita ku Kaporo, kumunda wa mpunga wa mchemwali wawo, chifukwa pa boma anthu ankawaloza. Ndinakwera minibasi, kenaka njinga, kenaka ndinayenda pa mizere ya m'dambo nditavala nsapato za ku ofesi. Ndinawapeza atamanga chitenje m'chiuno, akuingitsa mbalame ndi chigubu cha miyala. Pofuna kufika pafupi kuti ndigwade, ndinaponda pamene ndinaona ngati pouma. Mwendo unalowa mpaka m'bondo, ndipo potuluka unatuluka wokha.

Ndinapepesa nditaima choncho, mwendo umodzi uli ndi sokosi yokha. Ndinafotokoza za XSS, za kabokosi, za miyezi itatu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza chigubu nthawi ndi nthawi.

"Mwatha?"

"Ndatha, amama."

"Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti ndi memo yanu. Ndinkafuna ndione ngati munaleredwa ndi anthu. Munaleredwa ndi anthu, a IT?"

"Ndi anthu, amama."

"Ndiye mundiuze. Pamene munkanena kuti akaunti ndi ya anyaGondwe, panali anthu angati?"

"Ofesi yonse."

"Nanga pano pali ndani?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panali mbalame.

"Mwandivula pamsika, mukufuna mudzandiveke kumunda? Mbalamezi ndi zimene zinamva kuti ndine kazitape? Kapepeseni kumene munandiipitsira. Muyambe ku ofesi, mupite kuboda, mupite kwa a Saidi, mumalizire kutchalitchi Lamulungu, pa nthawi ya zolengeza. Mukatha mubwere mudzandiuze kuti mwatha."

Nsapato ija sindinaipeze. Alimi akumeneko akuti chaka chino pamalopo mpunga unabereka kuposa pena paliponse, ndipo ine sindikutsutsa.

Ndinachita zonse monga ananenera. Ku ofesi abwana anandimvetsera pakamwa pali yasa, ndipo funso lawo loyamba linali lakuti, "Ndiye kuti palibe amene anawerenga?" Nditati palibe, anakhala pansi, nayatsa mafoni onse awiri, kenaka n'kukumbukira kuti ayenera kukwiya. Anakwiya bwino ndithu. Kalata ya chenjezo ndinailandira tsiku lomwelo, ndipo ndinachita kuisindikiza ndekha chifukwa printa inatsamwa. Lusekelo anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Iwe, ine ndinagwada. Ndinaulula za Mzuzu popanda chifukwa." A Saidi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti nyama ija anaitchula pa munthu wolakwika.

Kuboda ndinayenda tebulo ndi tebulo, dzuwa la Songwe likundiwotcha pa dazi. Madalaivala a ku Tanzania amene nkhaniyi sinkawakhudza n'komwe anasonkhana kudzamvera, wina n'kumawamasulira m'Chiswahili, ndipo ndikukhulupirira kuti ankawonjezera, chifukwa pena ankaseka ine ndisananene choseketsa. Kutchalitchi anandiika pakati pa chilengezo cha ukwati ndi cha mbuzi yosochera. Ndinafotokozera mpingo wonse, ndi agogo omwe, mmene kalata imamerera manja. Mkazi wanga anakhala kumbuyo atafunda chitenje kumutu, kunja kukutentha.

AnyaGondwe anabwerera Lolemba. Abwana anawapatsa makiyi ndi manja awiri. Kutchalitchi anawabwezera udindo wawo. Makasitomala awiri mwa atatu aja anabwerera. Mayiwo tsopano amadziwa zinsinsi za theka la ofesi, zonse zochita kuuzidwa pakamwa ndi eni ake atagwada, ndipo sanatulutsepo ngakhale chimodzi.

Ine anandikhululukira. Ananena okha pamaso pa anthu, ndipo mayi aja sanama. Koma pali kanthu kamene anthu a kwina sangakamvetse msanga. Kuno Chichewa timalankhula ndi alendo, ndi apolisi a pa rodibuloko, ndi anthu obwera kudzafunsa za mafomu. Tikakhala tokhatokha timabwerera ku Chitumbuka kapena Chinkhonde. Zaka zonse anyaGondwe ankandilandira m'mawa ndi Chitumbuka, "Mwawuka uli, mwana wane?", nthawi zina n'kundisiyira chinangwa chophika pa desiki. Kuyambira Lolemba limenelo amandipatsa moni wa Chichewa choyera bwino, chopanda banga, chonga cha pa wailesi.

"Mwadzuka bwanji, a IT? Tikuthandizeni chiyani?"

Ndimayankha m'Chitumbuka. Amamwetulira mwaulemu, n'kupitiriza m'Chichewa. Lusekelo amene anafuna kuthawira ku Mzuzu amamulankhula Chitumbuka. Ngakhale a Saidi a ku Mangochi, mayiwo ayamba kuwaphunzitsa mawu awiri atatu a Chitumbuka.

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Sabata yatha printa yawo inatsamwa, ndipo nditagwada pansi pa desiki ndikusolola pepala ndinawamva akung'ung'udza okha m'Chitumbuka kuti makina amasiku ano ndi aulesi. Ndinayankha msangamsanga m'Chitumbuka momwemo ndili pansi pomwepo, "Nadi, amama!"

"Mukatha mutseke chitseko, bambo," anatero m'Chichewa.